Musawayeretse Achimwene Anga

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kudzinamiza, chifukwa tulo sindinatione. Chibwerereni ku mochale, ndikangotseka maso ndinkaona zomwe anandionetsa atavundukula nsalu. Tinapitako awiri, ine ndi asibweni, ndiwo amalume athu, kukatsimikiza kuti mtembowo unalidi wa achimwene anga, a Yotamu. Ndinawazindikira ndi wotchi ya pamkono ndi malaya omwe ndinawasitira ndekha. Nkhope ayi. Lole ya matabwa inawagunda mu nkhungu ya m'mamawa ali pa njinga ya kabaza, akupita kukajambula ana a ku yunivesite, ndipo za nkhopeyo sindinena zambiri pano.

Kunja kunali kozizira monga mmene kumazizirira kuno ku Chibanja, mu Mzuzu, kuzizira kolowa m'mafupa ngakhale utafunda bulangete ziwiri. Azibambo anali atazungulira chipika chomwe chinayaka usiku wonse, ena atagona chokhala, zipewa zili kumaso. M'nyumba amayi a mpingo anali akuimbabe, koma mawu anali atasasa. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayamba kukoleza moto wa tiyi, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi. Mvula yowaza ija ya kuno, yomwe simaoneka ngati mvula mpaka utanyowa, inali itayamba kale.

Amama anali atafika dzulo lake kuchokera ku Nkhata Bay, komwe anabwerera adada atamwalira. Chifikireni sanalire mokweza. Anakhala pakona, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendopo. Aliyense wobwera kudzawapepesa ankamuyankha mawu omwewo, akuti akudikira aone nkhope ya mwana wawo, kenako alira. Palibe anali atawauza kuti bokosi libwera lokhomedwa. Asibweni anati tisawauze, tingokonza chithunzi chachikulu choti chikhale pamwamba pa bokosi, anthu podutsa aziona chimenecho.

Apa ndi pomwe panali vuto, ndipo ndikalinena anthu ena amaseka asanazindikire kuti n'zomvetsa chisoni. Achimwene anali wojambula zithunzi. Anali ndi situdiyo yaing'ono m'tauni, ine ndinkawathandiza pa kompyuta. Yunivesite itayamba kukula, nyumba zogona ana asukulu zikumera paliponse pomwe kale panali thengo, ntchito inawachulukira. Anajambula maukwati, maubatizo, ana ovala mikanjo pomaliza maphunziro, ngakhale maliro a eni. Theka la Mzuzu lili m'kompyuta yawo. Koma iwo mulibemo. Ukawalozetsa kamera ankatchinga ndi dzanja, amvekere, wometa sadzimeta. Alamu anga, akazi awo, anasanthula masutikesi onse, anapeza cha ku pulayimale ali ndi makutu ngati mapiko, ndi cha ukwati chomwe madzi a denga lodontha anachidya.

Chinatsala chimodzi, chomwe ndinajambula ine tsiku lomwe ankandiphunzitsa kugwira kamera. Anaima pakhomo la situdiyo, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Msewu unatuluka bwinobwino, mpaka zikwangwani za mashopu a tsidya zinkawerengeka, koma iwo anangokhala chimthunzi chakuda bii. Anandiseka sabata yonse. Dzulo lija ndinalibe mtima wochitsegula, choncho ndinachipereka kwa mnzawo wina wojambula, munthu wamkulu ndithu amene ankawakonda, kuti akachikonze.

Kutacha anthu anayamba kufika. Anadzaza tenti, anadzaza mpanda, ena anaima mumsewu ndi maambulera. Anabwera a kabaza gulu, njinga atazitsamiritsa kumpanda wa aneba. Anabwera ana a ku yunivesite, ena atanyamula zithunzi zawo zomwe achimwene anawajambula, sindikudziwa kuti ankaganiza zotani nazo. Matope ofiira anafika mpaka pabalaza. Mnzawo uja anafika chithunzi atachiika kale mu fulemu, atachikulunga ndi nyuzipepala, ndipo anachipereka kwa asibweni osati kwa ine. Anandiuza monyadira kuti wagwira ntchito usiku wonse, wawakonza bwino chomene. Ndinali ndi beseni la makapu m'manja, ndinangothokoza.

Galimoto yochokera ku mochale itafika, kulira kunabuka kuyambira kumsewu. Analowetsa bokosi pabalaza, nalikhazika pamphasa. Asibweni anavula chipewa, nalengeza kuti malinga ndi mmene ngozi inachitikira, mwambo woona nkhope sukhalapo, koma tidutsa n'kuona chithunzi. Anachimasula, nachiimika pabokosi.

Ndinachiona ndili pakhomo. Munthu wa pachithunzipo anali woyera ngati mkate wosapsa. Nkhope inali yosalala, yopanda khwinya, yopanda mthunzi ngakhale pansi pa mphuno. Mnzawo uja anachita zomwe makasitomala ambiri amapempha, paja amangofika pakauntala n'kunong'ona kuti mundiyeretseko pang'ono. Achimwene ankakana zimenezo. Ankawafunsa ana asukuluwo akuseka kuti, ndikakuyeretsa, amayi ako kumudzi akakudziwa? Achimwenewo anali akuda, kuda kowala ngati kwa adada, ndipo ankakunyadira.

Amama anadzuka pakona paja, anawagwirizira mpaka pabokosi. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Uyu ndi mwana wa ndani?"

Asibweni anayesa kufotokoza kuti ndi Yotamu yemweyo, kungoti makina amasiku ano amatero. Amama anachichotsa pabokosipo, nachigoneka chafufumimba pamphasa. Kenako anakhala pansi, natsamira bokosilo ndi msana, dzanja limodzi atagwira chogwirira chake.

"Ine ndinabereka mwana wakuda. Uyu sindikumudziwa. Mwandiikira ndani m'bokosimu? Bweretsani nyundo, nditsegule ndione ndekha. Silituluka pakhomo pano ndisanamuone."

Amayi a mpingo anayesa, abusa anayesa, alamu anga anawagwira miyendo akulira. Amama si munthu wokuwa. Akanena chinthu amachinena kamodzi, ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti chachiwiri sichibwera. Azibambo ena kunja anayamba kung'ung'udza kuti mayi ali ndi ufulu, muwatsegulire basi. Iwo sanapite ku mochale. Ine ndinkadziwa zomwe zinali pansi pa chivundikiro chija, ndipo ndinkadziwa kuti amama akaziona, imeneyo ndiyo nkhope yomwe adzagone nayo ndi kudzuka nayo mpaka tsiku lawo. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire.

Ndinakokera asibweni kukhitchini, ndinawapempha kuti andidikire, ndithamangire ku situdiyo. Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Anati adzukulu atumiza kale uthenga kuti madzi ayamba kulowa m'manda, ndipo anthu sangaime pamvula tsiku lonse. Kenako anabwerera pabalaza, nauza amama mokweza kuti chabwino, nyundo ibwera, koma yozulira misomali ya mtundu umenewu ili kwa kalipentala wa ku Msongwe, atuma munthu. Nyumba iliyonse mu Chibanja ili ndi nyundo. Amama sanatsutse, anangoti adikira.

Ndinatulukira kuseri, ndinadumpha ngalande, ndinafika pamsewu. Minibasi panalibe. Mmodzi mwa a kabaza aja anandiona, anakankha njinga yake osafunsa. Ndinaima kaye. Chichitikireni ngozi ndinali nditalumbira kuti sindidzakweranso chinthu chimenecho. Ndinakwera, ndinagwira chitsulo cha pansi pa chishalo mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo lole iliyonse ikamatidutsa ndinkabisa nkhope kumsana kwa munthu wosamudziwa. M'tauni moyo unali kuyenda ngati palibe chachitika. Amisiri anali pamwamba pa nyumba zatsopano zosanjikiza, ogulitsa nthochi akuitanira, pa depoti akulimbirana okwera. Ndinawada onsewo popanda chifukwa.

Loko wa situdiyo anandivuta kutsegula. M'katimo munkanunkhabe mafuta omwe achimwene ankadzola. Jekete lawo linali pampando. Ndinalisuntha osaliyang'ana, ndinayatsa kompyuta, ndikupemphera pemphero limodzi lokha, loti magetsi asazime. Kompyuta ija ndi yokalamba, imadzuka ngati munthu wodwala nyamakazi. Ndinaitukwana, Mulungu andikhululukire.

Chithunzi chinatseguka monga ndinachisiyira: msewu wowala, pakati chimthunzi.

Kwa amene simunagwirepo ntchito imeneyi, mu pulogalamu yokonzera zithunzi muli kabokosi kena komwe ife timangoti makevu. M'kabokosimo muli mzere wopendekeka, wochokera pansi kumanzere kukwera kumanja. Kumunsi kwa mzerewo ndi kwa mdima wa chithunzi, kumtunda ndi kwa kuwala, pakati ndi pa zonse zotsala. Ukaugwira mzerewo ndi mausi n'kuukokera m'mwamba, mbali imeneyo imawala, ukautsitsa imada. Zimaoneka zachibwana, mwana angathe. Koma mzere umenewu uli ngati chingwe choyanikira zovala, ukakoka pamodzi pena ponse pamasuntha.

Ndi mantha anga aja ndinachita zomwe anachita mnzawo uja. Ndinaugwira pakati, ndinaukweza mwamphamvu. Msewu unapsa n'kusanduka pepala loyera, ndipo pamalo pa nkhope panatuluka chinthu chotuwa ngati phulusa, chodzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira. Chinafanana kwambiri ndi zomwe ndinaona ku mochale. Ndinakuwa ndekha m'situdiyomo. Ndinabweza, ndinayesanso, zomwezo. Foni inalira, anali asibweni, akuti a kwaya abwereza nyimbo zonse zomwe amadziwa, ndipo mnyamata wina wofuna kuthandiza wabweretsa nyundo ya kwawo, iwo aikhalira pampando. Anandifunsa ngati zikutheka. Ndinati zikutheka, pamene pa sikirini panalibe munthu.

Ndinaika mutu patebulo, ndinalira. Ndinawayankhula achimwene mokweza, ndinawakalipira kuti munajambula mzinda wonse, inu n'kulephera kuima kamodzi kokha kuyang'ana dzuwa. Ndipo m'kukalipa momwemo ndinakumbukira mmene ankandikalipira iwo, ataima kumbuyo kwanga, akutafuna chinangwa chootcha. Ankati ndimakoka mzere ngati ndikukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankati munthu wakuda sumufunafuna pothamangitsa mdima, nkhope yake ili mumdima momwemo, iwe ungosiyanitsa mdima wina ndi unzake.

Ndinapukuta maso ndi chitenje, ndinayambiranso. Choyamba ndinakhoma kadontho kumunsi kwenikweni kwa mzere, kuti chakuda chikhalebe chakuda, tsitsi ndi mthunzi wa pansi pa chibwano zisasunthe. Ndinakhoma kena kumtunda, ndinakatsitsa pang'ono kuti dzuwa la mumsewu lisiye kuthobwa m'maso. Kenako ndinapita pamwamba pang'ono pa kadontho koyamba kaja, pomwe khungu lawo linabisala, ndinakweza pang'onopang'ono, osapuma mpweya. Pamene mzere waima chotsetsereka kwambiri ndi pamene zinthu zoyandikana zimasiyana, choncho chitsetserekocho ndinachiika pankhope pokha.

Linayamba kutuluka tsaya. Kenako mphuno, mbali imodzi yowala pang'ono, inayo yamthunzi. Ndikapitirira, timadontho tija tinkabwerera, ndiye ndinkatsitsanso. Ndinkakuza chithunzicho n'kumagwira kachigawo kamodzi, khutu palokha, mlomo paokha, osayerekeza kuyang'ana munthu yense. Pamwamba pa nsidze yakumanja panaoneka kamzere kakang'ono. Ndinayesa ndi dothi la pa sikirini, ndinapukuta ndi chala, sikanachoke. Chinali chipsera chomwe anachipeza ali mwana atagwa mumtengo wa mango kwa agogo. Mnzawo uja anali atachifufuta pofuna kuwakongoletsa. Diso lakumanzere linali lotsinzina pang'ono, chizolowezi cha munthu amene wakhala zaka akusuzumira mu kamera. Ndinasiyira pomwepo. Chithunzicho chinali chakuda ndithu, kasitomala akanachikana.

Makina osindikizira anachikoka pang'onopang'ono, akulira ngati akudandaula. Babu linaphethira kamodzi, koma magetsi sanazime. Fulemu panalibe nthawi yoifuna. Ndinachiika pakati pa makatoni awiri, ndinakulunga m'jumbo, ndinachilowetsa m'kati mwa bulauzi. Wa kabaza uja anali akundidikirabe pakhonde, atanyowa yense. Pobwerera sindinatsekenso maso, ndinkangomuuza kuti apalase.

Nditafika, khamu linali litasokonekera. Ena anali atayamba kubwerera kwawo. Pabalaza, nyundo ija inali itafika kale m'manja mwa amama. Asibweni anali atagwada patsogolo pawo, mwamuna wa imvi, akuwachonderera alongo awo m'Chitonga chomwe sindinawamvepo akuyankhula chotero. Ndinadutsa pakati pa azimayi ndi matope anga, ndinagwada, ndinamasula jumbo. Ndinatulutsa chithunzicho, ndinawatambasulira.

Amama sanalandire msanga. Anayang'ana chithunzicho chili m'manja mwanga. Kenako anaika nyundo pansi, anachitenga, anachitembenuzira kuzenera. Chala chawo chinayenda kuchokera pachipumi, chinaima pa chipsera chija.

"Ndinamuuza asakwere mtengo uja," anatero.

Pamenepo ndiye analira. Kulira komwe anakusunga chichokereni ku Nkhata Bay kunatuluka konse, akuitana dzina la mwana wawo, akumuuza kuti wada ngati adada ake. Nyumba yonse inalira nawo, kunja nakonso anamva nalandira. Atatopa anandigwira dzanja, anandikokera pafupi, nandifunsa motsitsa kuti, ndi mmene alili m'katimu? Ndinati eya, amama, ndi mmene alili. Anachotsa msana pabokosi, nauza asibweni kuti anyamule.

Mwambo unafupikitsidwa chifukwa cha mvula. Abusa athu, omwe amadziwika kuti akagwira Baibulo saliika pansi msanga, tsiku limenelo analalikira ngati akuthawa. Anthu anadutsa pamzere kuona chithunzi chili pabokosi, amama atachigwirizira kuti chisagwe. Ana a ku yunivesite ena ankaima n'kumwetulira misozi ili m'maso, ndinamva wina akuti ndi mmene ankatiyang'anira akamati tisaphethire. Mnzawo uja anadutsa nawo, anafika pa ine, nangoti pepani chomene, mlongo. Sindinamusungire mangawa. Iye anawapatsa achimwene chomwe ankaganiza kuti n'chabwino koposa.

Ulendo wa kumanda tinayenda pang'onopang'ono. A kabaza anatsogola akukankha njinga zawo, kenako galimoto ya bokosi, kenako ife. Magalimoto mumsewu anaima, amisiri a panyumba ina yomangidwa anavula zipewa. Kumanda adzukulu anali atakapa madzi ndi zidebe, dothi linali lolemera, lomata pamakasu. Anatsitsa bokosi, tinaponya dothi, tinaika nkhata. Wina anafunsa ngati chithunzi chitsale pamtanda. Amama anachilowetsa m'kati mwa chitenje chawo osayankha.

Madzulo anthu anabalalika. Tenti anaigwetsa, mipando ya mpingo anaibweza, kuseri kunangotsala phulusa lonyowa ndi miyala ya mafuwa. Alamu anga anagona ndi ana kuchipinda. Asibweni anali pakhonde, akuwodzera. Mipando ya pabalaza inali idakali panja, ndiye munali mphasa zokha ndi malo aja pomwe panali bokosi, omwe aliyense ankawalambalala podutsa. Ndinasesa matope, ndinatsuka makapu omwe anali otsuka kale. Ndinkaopa kukhala pansi, chifukwa kukhala pansi n'kutseka maso.

Amama anali pakona pawo paja, chithunzi chili pamiyendo. Anandiyang'ana ndikuzungulira ndi tsache, kenako anandiitana. Ndinakhala pafupi nawo.

"Ine ndasambitsapo mitembo yambiri kwathu kunyanja kuja," anatero. "Bokosi salikhomera chabe. Ndimadziwa."

Ndinafuna kuyankhula, anandiletsa ndi dzanja.

"Iwe unamuona ku mochale. Ine wandipatsa uyu, yewo mwana wanga. Nanga iwe watsala ndi uti?"

Anachotsa chithunzicho pamiyendo pawo, nachiika pa yanga, nasendeza nyali pafupi. Ndipamene ndinazindikira kuti tsiku lonse ndinali nditaona khutu, tsaya, nsidze ndi mlomo, koma achimwene anga ndinali ndisanawayang'ane. Anali ataima pakhomo la situdiyo, diso limodzi atatsinzina, akudziletsa kuseka chifukwa ankadziwa kuti ndagwira kamera molakwika.

"Yang'ana," anatero amama. "Usachotse maso mpaka winayo achoke."

Mvula inali itasiya, madzi akungodontha kuchokera pamalata. Tinakhala pamphasapo awiri, amama atandigwira phewa, ine ndikuyang'ana.